Anastazia Sankatuma Munthu

“Alamu, tadzukani pampandopo, ndi wa kutchalitchi umenewo,” anatero a Frazer.

A Paxton anadzuka. Asanaongoke n’komwe, bambo wa shati yoyera uja anali atausenza kale mpandowo n’kukausanjika pa inzake m’pikapu. Tenti inali itachotsedwa m’mawa. Pabwalo panangotsala udzu woponderezedwa, phulusa pamene amuna ankaothera moto, ndi nsapato imodzi ya mwana imene mwini wake sanabwerenso kudzaifuna.

Anastazia, mkazi wa a Paxton, anali ataikidwa m’manda kumudzi kwawo kwa Nathenje. A Frazer, mlongo wake wamkulu yemwenso ndi mwinimbumba, anabwerera nawo ku Area 11 kuti adzalongosole za pakhomo, ndipo kulongosolako anakuyamba ndi mawu okweza. Mtendere, mwana mmodzi yekhayo wa m’nyumbamo, ankangozungulira ndi duku lakuda, foni m’manja, maso ali psuu.

Bambo wa shati yoyerayo dzina lake anali Kenani. Munthu ameneyu pamaliro paja anagwira ntchito, tisanamizane. Anafika tsiku loyamba lomwe, anagona panja ndi amuna anzake, anawaza nkhuni, anakwera lole mpaka kwa Nathenje, ndipo bokosi potuluka m’tchalitchi phewa lake linalipo. Powerenga chipepeso dzina lake linamveka ndi ndalama yoti anthu anatembenuka kumuyang’ana. Akuchikazi ankayesa ndi wakuchimuna. Akuchimuna ankayesa ndi wa kutchalitchi. A kutchalitchi ankati mwina ndi wa kuntchito kwa Mtendere. Ndani akanafunsa? Munthu woti wakusenzera bokosi la mlongo wako ungamufunse kuti ndiwe yani?

Kumanda kuja, nkhata zitaikidwa, a Frazer anaimirira n’kunena mawu amene mwini maliro aliyense amanena: “Ngati alipo amene mlongo wanga anali naye ngongole, kapena amene anatsala ndi zake, asabise. Abwere kwa ine tikambirane, kuti malemu agone bwino.” Anthu ambiri mawu amenewa amangowamva n’kumakwera magalimoto. Kenani anawasunga.

Pikapu itanyamuka, anasamba m’manja pampope wa panja, n’kuyandikira a Frazer atawerama pang’ono.

“Amalume, paja munanena kumanda kuti amene ali ndi mawu abwere. Ndinadikira kuti anthu achepe.”

Analowa m’chipinda chochezera onse anayi. Kenani anakana sofa, n’kukhala pampando wa patebulo, manja pamaondo.

“Ine sindinabwere kudzaitanitsa kanthu,” anayamba motero. “Mayi analibe nane ngongole. Koma pali ntchito imene tinaiyamba limodzi, ndipo ndikangokhala chete ndidzakhala ndawalakwira. Ndi za nyumba ino.”

Anatchula dzina la banki. Anatchula nambala ya puloti osayang’ana papepala. Ananenanso kuti loni ya nyumbayo ili m’mbuyo ndi miyezi iwiri, ndipo a Paxton anatembenuka kumuyang’ana.

Za loniyo ankazidziwa, inde, koma ankangozidziwa chabe. Nyumbayo anachitamo lendi zaka zambiri, eni ake ali a Sagar, amwenye a sitolo ya nsalu ku Old Town. A Sagar atati asamukire kunja, Anastazia ndi amene anati nyumba iyi sitituluka. Anathamanga yekha ku banki, anaonetsa mabuku a bizinesi yake yosoka mayunifolomu a sukulu, ndipo a Paxton, amene nthawi imeneyo anali asanapume ntchito ku Capital Hill, anangoitanidwa kukasaina pamene anawalozera. Mayina onse awiri analipo papepala, koma aliyense, kuyambira kwa Nathenje mpaka kutchalitchi, ankati ndi nyumba ya Anastazia. Kwacha itagwa chiwongoladzanja chinakwera, masukulu anayamba kuchedwa kulipira, shuga nayenso n’kumutupitsa miyendo. Zonsezi a Paxton ankaziona, koma zoti miyezi iwiri yadumphidwa ankazimva koyamba.

“Ntchito yanga ndi yothandiza anthu kukambirana ndi mabanki,” Kenani anapitiriza. “Timawapempha atalikitse zaka, kuti za pamwezi zichepe. Fayilo ya mayi inatsala pang’ono kutuluka. Ndili ndi anthu anga mkatimo.”

Mtendere anakweza mutu. “Kodi ndinu a uthenga uja wa pa WhatsApp? Woti ngati banki ikufuna kukulandani nyumba imbani nambala iyi?”

“Ndife amene, achemwali.”

“Nambala yanu ndinawapatsa ndine,” anatero Mtendere. “Amayi anandipempha kuti ndiwaperekeze ku banki tikapemphe limodzi. Ine ndinali ndi msonkhano wa kuntchito. Ndinangowatumizira uthengawo n’kuwauza kuti anthu awa akuthandizani.” Anaphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje. Chinkamupweteka n’chakuti tsiku limenelo sanaimbenso foni kufunsa kuti zinayenda bwanji.

“Munachita bwino kwambiri,” Kenani anamutonthoza. “Mayi ankakutchulani nthawi zonse.”

Basitu, pamenepo nkhani inali itapsa. Ngati mwana wa kusukulu, wogwira ntchito ku City Centre, akumudziwa munthuyu, a Frazer akanakayikiranso chiyani? Anasendeza mpando wawo pafupi n’kufunsa chimene chikufunika.

Kenani anatsitsa mawu. Choyamba, anati, asapezeke wina wopondako ku banki, ngakhale kuyankha foni yawo. “Akangomva kuti mayi atisiya, mawa lake lomwe fayilo ipita kwa maloya. Sabata inayo nyumba ino muiona m’nyuzipepala, chithunzi chake ndi geti lomweli.” Mtendere anagwedeza mutu. Masamba amenewo ankawadziwa. Kuofesi kwawo anthu ankapatsirana nyuzipepala n’kumalozerana kuti iyi si nyumba ya auje iyi? Kenako, anati Kenani, pakufunika kena kake ka anthu a mkati aja kuti fayilo iyende msanga. Ndipo a Paxton adzabwere kuofesi kwake ku Old Town kudzasaina pepala loika nyumbayo m’manja mwa kampani yake kwa kanthawi, kuti banki isaikhudze. Za pamwezi azidzapereka kwa iye, iye n’kumakafikitsa.

“Koma make Mtendere sanandiuzepo zimenezi,” anatero a Paxton, motsitsa, ngati akupepesa.

A Frazer anatembenuka thupi lonse. “Anakuuzanipo chiyani china, alamu? Mumadziwa kuti magetsi a nyumba ino amadya zingati? Mumadziwa kumene mlongo wanga ankagula ulusi? Inu ntchito yanu inali chiwongolero ndi wailesi. Nyumba ino ndi thukuta la Anastazia, ndipo ndi ya mwana uyu. Ine ndinaima pamanda n’kulonjeza pamaso pa anthu kuti zonse zilongosoka. Musandichititse manyazi.”

A Paxton zinawawawa chifukwa zambiri mwa izo zinali zoona.

A Frazer analowa kuchipinda n’kutuluka ndi jumbo yakuda yomanga kukamwa. Munali chipepeso chonse, cha kutchalitchi, cha kwa Nathenje, cha amayi osoka a kubizinesi kuja, chimene anagwirizana kuti chidzamangire chiliza. Kenani anakana kaye kawiri monga munthu waulemu, kachitatu n’kulandira ndi manja awiri. Ndalama yake ija imene anthu anatembenukira inabwerera kwa mwini wake itatenga ndi zinzake.

M’masiku otsatirawo m’nyumbamo munali zii. Achibale anali atabwerera kwawo, kutsala a Frazer okha. Foni ya Anastazia inali pamwamba pa firiji, ndipo Mtendere ankaitchajabe chifukwa munali mauthenga a mawu a mayi ake amene ankawamvera akadzitsekera kuchipinda. Tsiku lina masana, onse atatu ali patebulo, foniyo inalira. Mtendere anadzuka n’kuyang’ana.

“Alemba kuti Suhaila wa ku banki.”

“Isiye,” anatero a Frazer.

Inalira mpaka kusiya yokha. Patapita kanthawi inaliranso. A Paxton anasiya kudya, n’kumayang’ana kafoniko kakunjenjemera pafiriji. Mkazi wawo foni sankaisiya ikulira. Ngakhale ali m’bafa ankatuluka ndi sopo m’khosi kudzayankha. A Paxton anasamba m’manja n’kutuluka panja.

Anakakhala m’galimoto, pansi pa mtengo wa mapeyala. Masiku amenewo ankakonda kukhala m’menemo, chifukwa ndi malo okhawo amene palibe ankawauza kuti adzuke. Masilipasi a Anastazia anali akadali pansi pa mpando wa kumanzere. Mkazi ameneyu, abale, sankatuma munthu. Antchito analipo, mwana analipo, mwamuna analipo, koma kukalipira madzi ankapita yekha, kukagula mabatani yekha, ngakhale kukapepesa maliro a munthu woti anakumana naye kamodzi ankafuna nkhope yake ikaoneke. Miyendo itayamba kutupa anasiya kuyendetsa galimoto, koma kupita sanasiye. A Paxton ankamufikitsa pakhomo la kulikonse, iwo n’kutsala m’galimoto ndi wailesi. Ankakangana nazo zimenezi. “Tuma mwana, make Mtendere, miyendoyo idzakuthera pamzere.” Iye ankangoti, “Tiyeni.” Mapeto ake a Paxton anamugulira kampando kopinda kansalu yobiriwira, kuti aziti akatopa pamzere wa ku banki azikhalapo.

Tsiku losaina linafika. A Paxton anavala jekete, Mtendere ndi duku lake lakuda anakhala kumbuyo, a Frazer kutsogolo, mapazi awo pa masilipasi aja. Pamlatho wa Lilongwe magalimoto anali atathinana monga mwa masiku onse, akabaza akulowerera paliponse pamene pali mpata. Mtendere ankawerenga njira pafoni: adutse msika, akhotere kumanja, ayang’ane sitolo ya mabaketi ndi mapoto, pambali pake pali chitseko chobiriwira.

A Paxton anakhotera m’mbali kuti aimike. Tayala la kutsogolo linagwera m’kadzenje ka pangalande, galimoto n’kuti gudu, a Frazer n’kuluma lilime.

“Alamu! Ndi chiwongolero chomwe chakukanikani?”

Koma a Paxton sanamve. Manja anali akadali pachiwongolero, maso pachitseko chobiriwiracho. Kadzenje aka anagweramo kale. Anakumbukira mmene Anastazia anakuwira tsiku limenelo kuti mundithyola msana. Anastazia anatsika, analowa pachitseko chomwecho, akukoka miyendo pamasitepe. Wailesi isanamalize n’komwe nyimbo yachiwiri, anali atabwerera, akupuma mwawefuwefu, nkhope itakwinyika.

“Ndakwera masitepe onsewa ndi miyendo yangayi kuti munthu akandiuze kuti ndisapite ku banki ndekha?” anatero tsiku limenelo, akumenyetsa chitseko. “Ngongole ndinatenga ndine, nkhope imene akuidziwa ndi yanga. Tiyeni.”

Ndipo iwo anangoti “Eya,” n’kuliza galimoto, osafunsa kuti munthu wake ndi uti, ngongole yake yatani. Manyazi anawagwira a Paxton pampando pomwepo, manyazi osakanikirana ndi mkwiyo. Anazimitsa injini n’kutsika mwakachetechete.

Ofesiyo inali kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo. Munali tebulo, mipando itatu ndi kalendala ya kampani ya simenti. Dzina la kampani ya Kenani linali papepala lomata ndi selotepi pachitseko. Mwini wake anawalandira ndi shati ina yoyera, anafunsa za kunyumba, anafunsa ngati amalume akugona bwino m’tauni muno. Kenako anayala mapepala patebulo n’kutsegula cholembera.

“Apa, bambo, ndi apa. Zina zonse ndi Chingerezi cha maloya, chisakuvuteni.”

A Paxton anatenga cholemberacho n’kuchiika pansi.

“A Kenani, mkazi wanga anabwera kangati muno?”

“Aa, kambirimbiri, bambo. Tinkamwera limodzi tiyi pomwe mwakhalapo.”

“Anabwera kamodzi.”

Kenani anaseka pang’ono. “Mwina masiku ena sankakuuzani. Amayi athuwa ali ndi zinsinsi zawo.”

“Anabwera kamodzi,” anabwereza a Paxton, ndipo mawu awo anakwera moti Mtendere anadzidzimuka, pakuti chibadwire anali asanawamvepo bambo ake akukweza mawu. “Ndinamubweretsa ndine. Sanakhalitse. Anatsika atakwiya chifukwa munamuuza zomwe mwatiuza ifezi, zoti asapondeko ku banki. Chiyambire kutupa miyendo mkazi wanga sanayendepo popanda ine. Za magetsi sindidziwa, za ulusi sindidziwa, alamu anena zoona. Koma kumene mkazi wanga anapita, ndi kumene sanapite, ndimakudziwa.”

“Alamu, khalani pansi mtima,” a Frazer analowerera, akuwagwira mkono. “Munthuyu anagona nafe pamaliro. Anasenza bokosi.”

“Ndi m’bale wa ndani? Wanu?”

“Wanga bwanji? Ine ndimayesa ndi wa kwanu.”

“Kwathu kulibe Kenani.”

Onse awiri anayang’ana Mtendere. Iye anali atakoka mapepala aja n’kumawerenga, chala chikuyenda pamzere uliwonse, milomo ikugwedera. “Adadi,” anatero, “apa sanalembe zoti kwa kanthawi. Alemba kuti mwawapatsa mphamvu yogulitsa nyumba.”

Kenani sanatekeseke. Anasonkhanitsa mapepala ake mwaulemu, n’kupukusa mutu ngati munthu amene wachitiridwa chipongwe. “Ine ndimafuna kukuthandizani chifukwa cha malemu. Ngati simukufuna, pitani ku banki. Koma nyumba ikatuluka m’nyuzipepala musadzandilirire.”

“Ndiye tibwezereni chipepeso chija,” anatero a Frazer. Mawu awo aja okweza anali atathawa.

“Chinapita kale kwa anthu a mkati, amalume. Koma dikirani, ndiwaimbire tione.” Anatenga foni n’kuiika kukhutu. “Muno netiweki imavuta.” Anatuluka, n’kukoka chitseko pang’onopang’ono.

Anadikira. Kunja ogulitsa ankaitanira malonda, wina akuyesa sipika ya nyimbo. A Frazer ankayang’ana chitseko, n’kuyang’ana kalendala, n’kuyang’ananso chitseko. Mtendere ataimba nambala ija anamva kuti foni yazimitsidwa. Atatuluka anapeza kuti kumapeto kwa khonde kuli masitepe ena otsikira kuseri, kumene kunali kanjira kolowera mumsika.

Mwini sitolo ya mabaketi, a Gulam, anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera. Anawamvetsera ataima kuseri kwa kauntala, n’kupumira m’mwamba.

“Kachipindako amandilipira pa sabata, ndipo sabata yake ikutha mawa. Ine ndimayesa ndi wa mainshulansi.” Anayang’ana duku la Mtendere, n’kutsitsa maso. “Pepani kwambiri, mwanangu. Si inu oyamba kutsika masitepe amenewo mukumufuna. Ndipo onse amabwera atavala zakuda.”

A Frazer anagwira kauntala ndi manja awiri. Palibe anawanena kanthu, komatu zikanakhala bwino wina akanawakalipira.

Anakwera galimoto n’kubwerera mpaka pamlatho. A Paxton sanakhotere njira ya kunyumba. Analunjika ku City Centre, n’kukaimika pansi pa mtengo womwe ankaimikapo mwezi ndi mwezi, moyang’anizana ndi khomo la banki.

“Adadi, khalani m’galimoto,” anatero Mtendere, akupukuta maso. “Ndilowa ine. Zonsezi ndinaziyambitsa ndine.”

“Ayi, mwanangu. Tilowa tonse. Amayi ako sankatuma munthu.”

Anatsegula buti kuti atenge envulopu ya chikalata cha imfa chimene anapatsidwa kuchipatala. Kampando kobiriwira kaja kanali pomwepo, pambali pa tayala lapadera. Anakayang’ana, n’kukapanira m’khwapa osadziwa n’komwe chifukwa chake. Zaka zonsezi khomo la bankiyo ankangolionera pagalasi la galimoto. Analowa ngati akupita kukaweruzidwa.

Suhaila anali mayi wachitsikana wovala mpango kumutu, wa ofesi yoona za maloni a nyumba. A Paxton atanena dzina lawo ndi chimene chachitika, anagwira pakamwa.

“Mayi Anastazia? Ayi, zoona? Ndiye chifukwa chake foni imangolira.” Anawalozera mipando. “Pepani, bambo. Pepani nonse.”

“Tamva kuti mukadziwa zoti amwalira mutilanda nyumba,” a Paxton ananena mosazungulira. “Ndabwera kuti ngati n’kulanda, mundiuze pamaso.”

“Wakuuzani zimenezo ndani?”

Mtendere anafotokoza zonse, kuyambira uthenga wa pafoni mpaka masitepe a kuseri. Suhaila ankamvetsera akupukusa mutu.

“Kupempha kuti titalikitse zaka sikulipiritsa, ndipo sikufuna munthu wapakati. Mayi anabwera okha kudzapempha, atakhala pomwe mwakhala inupo. Ine ndimawaimbira kuti abwere tidzamalize. Anthu ngati amenewo amakuletsani kubwera kuno chifukwa akudziwa kuti mukangofika bodza lawo latha. Mukanakhala chete miyezi ingapo, mukupereka ndalama kwa iyeyo, apo ndiye fayilo ikanapitadi kwa maloya. Zimenezi mukanene kupolisi lero lomwe.”

“Nanga nyumba?” anafunsa a Paxton.

“Loniyi ili ndi inshulansi ya moyo wa mayi. Zikayenda bwino, a inshulansi amalipira gawo lalikulu la zotsala. Koma sindikufuna kukunamizani. Pali miyezi iwiri ija ili m’mbuyo, ndipo iwo amayang’ana zimenezo. Sindingakulonjezeni kanthu lero. Chimene chingathandize n’kutseka dzenje limenelo msanga, pempho lisanapite.”

Anatchula ndalama yake. A Frazer anatseka maso. Inali pafupifupi yomwe ija inali m’jumbo yakuda.

“Ndili ndi ka penshoni ka mwezi uno,” anatero a Paxton. “Sikafika n’theka lomwe.”

“Yambani ndi komweko. Zimaonetsa kuti mulipo. Mukalipire pakauntala, mundibweretsere lisiti, tiyambe kulemba.”

Akudzuka, Suhaila anaona chimene a Paxton anapanira m’khwapa, ndipo nkhope yake inamasuka koyamba.

“Mwabwera nako kampando ka anthu.”

“Ka anthu?”

“Ndi mmene timakatchulira muno. Mayi sankakhalapo. Ankangoti akafika pamzere, n’kuyang’ana amene miyendo ikumukana, kaya ndi gogo, kaya woyembekezera, n’kumutambasulira. Eni ake n’kuima mpaka afike pakauntala.”

A Paxton anakayang’ana kampandoko. Nsalu yake inali itaperepeseka pakati, ndipo iwo nthawi yonseyi ankanyadira kuti anagula chinthu chothandiza. Mwezi uliwonse Anastazia ankabwerera m’galimoto n’kunena kuti, “Kandithandiza kampando kanu,” kenako n’kuvula nsapato n’kumasisita akakolo njira yonse.

Kunali kumapeto kwa mwezi, ndipo mzere unali utakhota mpaka kukhomo. Anaima atatu, a Paxton patsogolo, Mtendere atagwira envulopu. A Frazer anali kumbuyo, atagwira chipewa pachifuwa, maondo akugwedera moonekeratu.

“Alamu,” anatero a Frazer, “kwa Nathenje ndikanena chiyani? Chiliza cha mlongo wanga ndapereka ndi manja angawa. Ndili ndi ng’ombe imodzi, ndikagulitsa, koma anthu aja...”

Sanamalize. A Paxton anatambasula kampando kaja, anakayesa ndi dzanja ngati kakhazikika bwino pa matailosi, n’kukaika kumbuyo kwa mlamu wawo.

“Khalani, alamu. Mzerewu ndi wautali.”

A Frazer anakhala, n’kuphimba nkhope ndi chipewa. Mzere utasuntha, a Paxton anasendera kutsogolo, ali chiimire.